Nyenyezi ziwiri, ndipo zonse ndi za mnyamata wa kumbuyo kwa kauntala

Ndazengereza kulemba izi chifukwa ndikapsa mtima pakamwa sipatseka, koma ena mwa inu mukusonkhanitsa ndalama zoti mukagule laputopu pa shopu ija ya makompyuta ya pa Kamuzu Road ku Salima. Dzina sinditchula. Amene munalowamo mukuidziwa.

Ine ndine mlembi wa gulu lathu la alimi a mpunga ku Lifuwu. Laputopuyi ndinagula mu Julayi ndi ndalama za gulu, pa mtengo uja wa malaputopu a kaunjika a purosesa ya i5, mukuudziwa kale, ndipo sanandichotsereko ngakhale ya kabaza. Mwini shopu anandiuza zinthu ziwiri akundiyang'ana m'maso: kuti ili ndi SSD, disiki yosungira zinthu yachangu kuposa hard disk wamba, komanso kuti Windows 11 yake ndi orijino. Inkachedwa kuyaka moti unkatha kuthira tiyi n'kuyamba kumwa, koma ndinkati mwina makompyuta ndi momwe alili.

Mu Novembala, Word ndi Excel zinayamba kuonetsa uthenga woti activation, kutsimikizira kuti ndi za orijino, yalephera, kenako zinangokana kuti ndilembemo chilichonse. Kutsegula fayilo zinkalola, kusintha ayi. Inali sabata yoti ndikawerenge pamsonkhano za ngongole za feteleza mvula isanagwe. Ndinakwera njinga yamoto m'mamawa, laputopu nditaikulunga m'chitenje chifukwa cha fumbi, ndipo pofika ku tauni dzuwa lija la ku Salima linali litayamba kale kuwotcha pamutu.

Bambo aja sanaitsegule n'komwe. Anangoti, "Mayi, kameneka n'kakang'ono, tingoiflasha. Bwerani 2 koloko." Ndinafunsa kawiri konse kuti nanga mafayilo anga atani. Yankho lake linali lakuti, "Musadandaule, imeneyo ndi ntchito yathu." Ndinapita kumsika, ndinagula usipa ndi tomato, ndinakhala pamthunzi kudikira. Pobwerera ndinapeza laputopu ikuwala bwinobwino, chithunzi chatsopano cha buluu, koma mkati muli mbee! Foda ya gulu mulibe. Mayina a mamembala, amene anatenga matumba angati, amene anabweza ndi amene sanabweze, za nyengo zitatu zolima, zonse zapita. Zithunzi za chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi nazonso mulibe.

Mukudziwa zimene anandiyankha? "Munayenera kusunga pa flash, mayi. Aliyense amadziwa zimenezo." Kenako anatambasula dzanja kuti ndiwapatse K15,000 ya kuflasha. Miyendo inandizizira, ndinakhala pa benchi. Amene simunasungepo kaundula wa gulu simungamvetse. Kumudzi sungakaime kutsogolo kwa anthu n'kunena kuti kompyuta yafufuta ngongole. Ati mlembi wadya ndalama, ndipo amene anali ndi ngongole ndi amene angayambe kukuwa kwambiri. Ndinalankhula mawu pamenepo oti sindingawabwereze pano, mpaka mayi wogulitsa mandasi panja anasuzumira pakhomo. Ndalamazo ndinalipirabe, chifukwa anakana kundipatsa laputopu.

Kumbuyo kwa kauntala kumakhala mnyamata wina amene amakonza mafoni, wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Bwana wake atatuluka kukadya, anabwera n'kundinong'oneza kuti, "Amayi, izimitseni, musaiyatsenso. Chilichonse chatsopano chimene chingalowe chikwirira zakale zija." Anatulutsa flash m'thumba la malaya, momwe munali Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, n'kuyatsa laputopu kuchokera pa flash yomweyo osakhudza Windows. Atayang'ana disiki anaseka pang'ono. "Iyi si SSD, amayi. Ndi hard disk wamba ya 500GB. Komatu lero ndi mwayi wanu umenewo."

Anandifotokozera kuti pa hard disk, format yachangu, kufufuta kumene anachita poflasha kuja, imangochotsa mndandanda wosonyeza pamene fayilo iliyonse ili, ngati kung'amba tsamba loyamba la kaundula koma masamba enawo alipo. Zimatayika ndi zokhazo zimene Windows yatsopano yalembapo pamwamba. SSD yokha ili ndi chimene amati TRIM, chimene chimasesa malo ofufutidwawo, ndiye kubweza zinthu kumavuta kwambiri. Ndiye kuti bodza limene anandigulitsa nalo ndi lomwe linandipulumutsa. Mpaka pano sindidziwa ngati ndiseke kapena ndilire.

Anagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere yotchedwa PhotoRec, n'kulumikiza disiki yake ina yoti zopezekazo zizigweramo. Inatenga usiku wonse, ine ndinagona kwa mlamu wanga. M'mawa mwake tinapeza mafoda olembedwa recup_dir.1, recup_dir.2, mpaka kutsika m'munsi, ndipo mafayilo onse anali atataya mayina, angokhala chilembo f ndi manambala. Tinakhala limodzi kutsegula imodziimodzi, iye akudina, ine ndikuti iyi ayi, iyi ayi. Titafika pa ija ya ngongole za chaka chino, ndinaona dzina la membala woyamba ndi matumba ake awiri, misozi inangotsika yokha. Nyengo ziwiri zinabwera zathunthu. Yoyamba ija inatuluka yowonongeka, sitseguka, koma mwamwayi ndinali ndi kope lakale lolemba pamanja. Zithunzi za chinkhoswe zambiri zinabwera, kupatula zochepa zimene zinatuluka theka.

Ndi mnyamata yemweyo amene anandiululira za Windows 11 ija. Purosesa ya laputopu yanga ndi ya generation 6, pomwe Windows 11 imafuna za Intel kuyambira generation 8 kupita m'mwamba, komanso kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Bwana wake anangoikakamiza n'kuikamo Office yakuba, Word ndi Excel zija. Yoyenera makina amenewa inali Windows 10, koma imeneyo Microsoft inali itasiya kuitumizira ma update aulere a chitetezo pa 14 Okutobala 2025, milungu yochepa chabe izi zisanachitike. Anandifunsa ngati ndingalole kuti andiikire Linux Mint 22, yomwe ndi yaulere, sifuna activation, ndipo izilandira ma update mpaka 2029. Ndinaopa, chifukwa ndinkamva kuti Linux ndi ya anyamata olemba zinthu pa sikirini yakuda. Koma nditaona kuti batani la menyu lili pansi kumanzere ngati kale, ndinati ikani.

Tsopano patha miyezi ingapo. Mafayilo anga a Excel amatseguka mu LibreOffice Calc, pulogalamu yofanana ndi Excel, ndipo masamu ake sanasokonekere. Makalata ena a Word mizere inasuntha pang'ono, ndinakonza pamanja. Pulinta ya pamalo pomwe timasindikiza inatizunza tsiku limodzi, ndipo ma update oyamba anandidyera bandulo, nkhani ya bandulo mukuidziwa nokha. Ikuyaka msanga kusiyana ndi kale, ngakhale disiki ndi yomwe ija. Mwana wanga wa Fomu 3 anapeza kuti Python, yolembera mapulogalamu, ilimo kale, ndiye madzulo magetsi akakhalapo timalimbirana; akuti akulemba kapulogalamu kowerengera chiwongoladzanja cha gulu, koma mpaka pano kakungofunsa dzina n'kupereka moni.

Kunena chilungamo, mwini shopu uja atandipeza tsiku lachiwiri ndili pa benchi yake maso ali ofiira, anachita manyazi. Pepani sananene, koma anandibwezera K15,000 ija n'kundipatsa flash ya 32GB ulere, imene tsopano ndimasungapo za gulu Loweruka lililonse. Komanso sanam'kalipire mnyamatayo chifukwa chogwira ntchito yanga usiku wonse ndi magetsi a pashopu. Zimenezo ndikuvomereza. Mnyamatayo sanatchule mtengo, ndinam'patsa yanga ya m'thumba ndi kathumba ka mpunga nditabweranso. Mukapita kumeneko funsani iyeyo, ndipo musanalipire muuzeni akuonetseni mtundu wa disiki ndi generation ya purosesa, osangomva za pakamwa.

Nkhani ya SSD yokha sinathe. Gulu linalipira mtengo wa laputopu ya SSD, ndipo ndinakawakumbutsanso bambowo sabata yatha. Anati katundu akubwera kuchokera ku Lilongwe, tionana. Lachisanu ndikupitanso, ndipo ulendo uno ndikutenga wapampando wathu.