Mdani wodziwikiratu kapena anthu a mitima iwiri?

Kunyumba kwathu ku Yeoville, mumzinda wa Johannesburg, ine ndi alamu anga sitigwirizana pa mabuku a nthano zazitali zija, za maufumu ongopeka, zinjoka ndi malupanga.

Iwo amakonda nkhani imene choipa chili pambalambanda. Amatchula The Lord of the Rings ya 1954, ndipo sachedwa kukumbutsa kuti mlembi wake, Tolkien, anabadwira konkuno ku South Africa, ku Bloemfontein, mu 1892. Mdani ndi Sauron, basi. Akuti munthu woweruka ntchito ya usiku alibe mphamvu zofufuza mtima wa aliyense, amangofuna kuona mdima ukugonja.

Ine ndimakokera kwa George Martin, mwini A Game of Thrones ya 1996. Mmenemo munthu wachilungamo amadulidwa mutu buku loyamba lisanathe, pomwe wokankha mwana pazenera umadzamumvera chisoni m'mabuku otsatira. Ndivomere, pena nkhanza zake zimangonyanya.

"Koma alamu," ndimatero, "Kalulu wa agogo uja anali woyera mtima? Anakana kukumba chitsime, n'kumaba madzi, ife tikuombera m'manja."

Amangoseka, n'kuyankha kuti m'buku lawonso muli Boromir, msilikali wa mbali yabwino amene mphete yamatsenga ya Sauron inamusokoneza mutu.