Jet A-1, JP-8+100 ndi mafuta a Sasol: ndi ati omwe satseka manozo?

Anzanga amakaniko mwandifunsa mokwanira, ndiye ndiyankhire pano kamodzi. Mafuta a ndege asanapse amayamba aziziritsa oyilo wa injini. Akatentha kupyola madigiri pafupifupi 150, okosijeni amene ali m'mafutamo amayamba kupanga utomoni, ndipo utomoniwo umauma n'kusanduka makala m'timabowo ta nozo, tizipangizo topopera mafuta mu injini.

Jet A-1 ndi amene tonse timathira, komanso ndi amene anandiliza. Chikalata chake chinali bwinobwino. Anapambana mayeso a JFTOT, omwe amayendetsa mafuta pa kapaipi kotentha madigiri 260 kwa maola awiri ndi theka. Koma mayesowo anachitikira kumalo oyengera. Kwa wotigulitsa, mafutawo ankadutsa m'zolumikizira za bulasi, chitsulo chachikasu chokhala ndi mkuwa, ndipo mkuwa, ngakhale wochepa kwambiri, umafulumizitsa utomoni uja. Manozo anayamba kupopera chammbali, moto n'kumanyambita malo amodzi. Tinachotsa onse, ndege inagona pansi, wogulitsayo akungotiloza chikalata. Mpaka lero ndikaona chitsulo chachikasu pa paipi ya mafuta mtima umandiwawa.

JP-8+100 anapangidwira asilikali a ku America. Mankhwala omwe amathiramo amakweza malire a kutentha kuchoka pa madigiri 163 kufika pa 218, ndipo amagwiradi ntchito. Chimene ambiri satchula n'choti mankhwalawo ali ngati sopo, amafooketsa fyuluta yolekanitsa madzi ndi mafuta. Mukapopa mafutawo kuchoka m'ndege, simungangowabwezera m'thanki ya aliyense.



Ine mtima wanga uli pa a Sasol, kampani ya ku South Africa, opangidwa kuchokera ku malasha m'tawuni ya Secunda. Osakaniza theka ndi theka ndi mafuta a ndege wamba analoledwa mu 1999 ndipo akhala akuthiridwa m'ndege ku Johannesburg, pomwe osasakaniza analoledwa mu 2008. Gawo lopangidwalo lilibe sulufule ndi zinyalala zina zomwe utomoni umayambirapo. Inde, mafuta opanda ma aromatics (mtundu wa makemikolo a m'mafuta) safufumitsa masilo a labala otchinga mipata, motero amadontha, n'chifukwa chake osakaniza amayenera kukhala nawo osachepera 8 peresenti. Vuto limenelo ndingalipirire, chifukwa kudontha kumaoneka ndi maso, pomwe makala a m'nozo umawadziwa injini itapsa kale.

Kungoti nawonso akadutsa m'mapaipi a wogulitsa uja, mkuwa suwasankha.