Mimba ya madam anga kuno ku Muscat

Abale anga kumudziko, ndakhala ziii miyezi yapitayi chifukwa m'nyumba yomwe ndikugwira ntchito kuno ku Muscat, m'dziko la Oman, munali matenda. Madam anga ndi oyembekezera, mimba yachitatu, koma iyi yokha yationetsa zakuda.

Zinayamba mimba ili ndi masabata 6. Tonse tinkangoti ndi nseru womwe uja, kuno amati waham, apongozi awo nkumati pirira mwanawe tonse tinadutsamo. Koma munthu kumasanza usana ndi usiku, ngakhale madzi akumwa kubwerera pompo! Ndinasiya kukazinga anyezi, lubani yemwe amafukiza madzulo aliwonse tinabisa, khofi wawo uja akangomva fungo basi ndithamange ndi beseni. Ndinkagona pansi pafupi ndi bedi lawo kumamva munthu akudzikoka m'mimba mulibe kanthu, malovu okhaokha, milomo yong'ambika, mpaka mphete inayamba kuvuka yokha pachala.

Tsiku lomwe anagwa ku bafa ndi lomwe bwana anathamangira nawo kuchipatala, mkodzo uli bii ngati tiyi. Adokotala anati matendawa ali ndi dzina, hyperemesis gravidarum, ndipo mayi akatsika sikelo kupitirira 5% chifukwa chosanza umenewo si nseru wamba ayi. Anawagoneka pa dripi masiku 4, nkuwapatsanso vitamini B1 poti ukasanza nthawi yaitali amatha m'thupi ndipo ubongo ukhoza kuvulala.

Chandilembetsa kwenikweni ndi ichi, anawayezanso chimbudzi nkupeza kachilombo kotchedwa H. pylori, Aluya amati jarthumat al-maida ndipo kuno sikachilendo, anthu amakatchula ngati mmene ife timatchulira malungo. Ndi bakiteriya wokhala m'chifu, yemweyo ndi amene amayambitsa zilonda zam'mimba zambiri, ma ulcers omwe kwathu timati amabwera chifukwa cha maganizo aja. Anamutulukira madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, mu 1982. Ambiri kamatilowa tili ana kudzera m'madzi osatetezeka, m'manja osasamba, m'malovu, ndipo kakhoza kukhala zaka osamva kanthu. Dokotala wake, mayi wa ku Egypt, anafotokoza kuti kafukufuku wa kwawo ndi maiko ena anapeza kachilomboka mwa amayi ambiri osanza chonchi kuposa oyembekezera ena. Gwero ndi mahomoni a mimba, iko kamangokolezera moto.

Mankhwala ake ndi maantibayotiki awiri kuphatikiza omeprazole wochepetsa asidi m'chifu, kumwa masabata 2, koma awauza kuti achire kaye poti ena mwa mankhwalawo saloledwa kwa oyembekezera. Pano mimba ili miyezi 5, akutha kudya tende ndi yogati pang'onopang'ono, dzulo anachita kupempha okha mpunga.

Usiku wonse uja ndikugwira beseni mtima unali kwa mlamu wanga ku Mangochi. Mimba yake yoyamba anasanza chimodzimodzi mpaka kutsala mafupa, ife nkumati ndi ulesi akuthawa kumunda, ena ankati amulodza, tinkangomupatsa mandimu m'malo momutengera kuchipatala akalandire dripi. Ndinamuimbira pa WhatsApp sabata yatha kumupepesa, tonse tinalira pafoni. Pano ali ndi pakati pena, ndamutumizira ya transipoti kuti kusanza kukangoyamba kumulepheretsa kumwa madzi asadikire tsiku la sikelo.