Anyamata oimba nyimbo za Queen ku Leeds: wa gitala ndiye wapulumutsa usiku

Tikiti inali mapaundi 27, kuwonjezerapo kandalama kena kamene amakudula ukagula pa intaneti. Holo yake ndi ya mipando, kufupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo Loweruka limenelo inadzaza thothotho. Gululi ndi la anyamata asanu amene ntchito yawo ndi imodzi basi: kuimba nyimbo za Queen, gulu lotchuka lakale la ku UK, kuvala ngati Queen, kuyenda pa siteji ngati Queen. Kwathu oimba makopelaiti timawaona ngati ongoyamba kumene, koma kuno ku UK anthu amadyera pomwepo chaka chonse.

Wa gitala uja ndi katakwe. Brian May, wa gitala weniweni wa Queen, gitala yake yofiira anachita kupanga yekha ndi bambo ake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, khosi lake anasema kuchokera ku thabwa lakale la poothera moto, ndipo poimba amakhwatcha nsambo ndi kakhobidi ka sixpence m'malo mwa kapulasitiki kaja. Mnyamatayu anabwera ndi gitala yofanana nayo, ma amp a Vox ataunjika kumbuyo kwake, kakhobidi kali m'zala. Kulira kwake kunali komweko, kokhuthala, kokandakanda pang'ono. Atatsala yekha pa siteji, kamakina kakubwereza zimene waimba mpaka kumveka ngati magitala atatu akuyankhana, holo yonse inasiya kujambula ndi mafoni. Wigi la tsitsi lopotana lija akanalisiya kunyumba sitikanadandaula.

Vuto linali kwa amene amayerekeza kukhala Freddie Mercury, woimba wamkulu wa Queen. Maonekedwe anayesetsa: ndevu zapamlomo, ndodo ya maikolofoni yodula pakati, vesiti yoyera ngati imene Freddie anavala pa konsati ya Live Aid mu 1985, kenako jekete yachikasu ya pa konsati ya ku bwalo la Wembley mu 1986. Amangolowa ndi kutuluka kukasintha zovala. Koma mawu ndiye ayi. Pansi ndi pakati amayenda bwino, nyimbo ikangokwera m'mwamba iye amaloza maikolofoni kwa ife kuti timuimbire. Koyamba zimakoma, munthu umamva ngati uli nawo m'gulu. Zikachuluka umayamba kudzifunsa kuti kodi walipira ndani, ine kapena iye? Freddie anamwalira mu Novembala 1991 ali ndi zaka 45, ndipo sindinkayembekezera kuti wina amutsitse kumwamba, koma woimba amene wasankha ntchito imeneyi azifikako ndithu pamwamba paja.

Pa nyimbo ya Bohemian Rhapsody, chigawo chapakati cha mawu ambirimbiri chija, onse anachoka pa siteji n'kusiya tepi ikulira, magetsi akuthwanima. Bambo wina kumbuyo kwanga anang'ung'udza kuti atibera. Pamenepo ndiwaikire kumbuyo anyamatawa: eni akewo ankachitanso chimodzimodzi, chifukwa chigawocho anachijambula mu 1975 posanjikiza mawu pamwamba pa mawu mu situdiyo, anthu anayi sangachiimbe pamaso pa anthu. Chimene chinandikayikitsa ndi nyimbo zina, pamene makutu amamva makolasi a anthu ambiri koma pa maikolofoni pali milomo iwiri yokha. Pamenepo ndiye pali kachinyengo.

Anthu oonera ambiri anali a imvi, azigogo ovala ma T-shirt akale ofwifwa, ena atabwera ndi zidzukulu. Amadziwa liwu lililonse. Poyamba amakhala mwaulemu pa mipando yawo, koma chigawo chachiwiri chitayamba mayi wina wa ndodo anaimirira, mzere wonse n'kumutsatira. Mnzanga wa kuntchito amene ndinapita naye ndi wa ku Durban, ndipo pa nthawi yopuma anandikumbutsa kuti Queen inakaimba ku Sun City, ku South Africa, mu 1984, nthawi imene oimba ambiri ankakana kupita kumeneko chifukwa cha tsankho. Akuti bambo ake mpaka lero safuna kumva dzina lawo. Koma mnzangayo anavina usiku wonse.

Ku bala musayembekezere zambiri. Ogulitsa anali awiri, mzere unafika pa masitepe, ndipo mowa wa m'kapu ya pulasitiki ndinaulandira belu lobwerera litalira kale. Itanitsanitu chakumwa cha pa nthawi yopuma musanalowe, amalola. Zinatha itangodutsa 10 koloko, sitima tinaipeza bwinobwino.

Kodi ndingabwererenso? Pa mtengo umenewu, eya, koma osati kuposera apo. Mukamagula tikiti sankhani mipando ya kudzanja lamanja mukayang'ana ku siteji, chapafupi, chifukwa wa gitala amaima kumeneko.