Lamulo pa zenera latsopano: Vim, Neovim, Emacs kapena tmux?

Vim, Neovim ndi Emacs ndi pulogalamu zolembera code, pomwe tmux ndi yogawa zenera la terminal m'magawo. Zonsezi zimatha kutsegula zenera latsopano n'kuyendetsamo lamulo. Zimasiyana poti zenera likatseguka, cursor imapita kuti. Ngati script yanu ikufunsa funso ndipo cursor yatsala pa fayilo, yankho lanu mulilemba pakati pa code.

Vim ndiye savuta. Kuyambira Vim 8.1, ya mu 2018, mukalemba `:botright terminal ++rows=12 python3 %` (`%` ikuimira fayilo yomwe mwatsegula) zenera limatseguka pansi, inu muli kale m'menemo, mutha kuyankha pomwepo. Lamulo likatha, zotuluka zimakhalabe kuti muwerenge, pokhapokha mutaikapo `++close`. Msampha wake ndi umodzi: Vim sadutsa pa shell (pulogalamu yomasulira malamulo, monga bash), ndiye `make && ./app` sizigwira mpaka muwonjezere `++shell`.

Anthu osamukira ku Neovim amadabwa, poganiza kuti ndi chimodzimodzi. Ayi ndithu. Kumeneko `:terminal` imalanda zenera lomwe mulipo, fayilo yanu n'kubisika, choncho muyambe ndi `:split | terminal python3 %`. Mukalowanso mumakhala mu Normal mode, momwe mabatani amagwira ngati malamulo a Neovim, mukulemba koma palibe chikufika ku pulogalamu. Mzere wa `autocmd TermOpen * startinsert` umathetsa zimenezo. Ubwino wake, shell ilipo kale, `&&` ndi `|` za mkati mwa lamulo zimagwira.

Emacs amachita dala kukusiyani pomwe muli. `M-x compile` ndi `M-&` (M ndi batani la Alt) zimaonetsa zotuluka pambali, cursor osasuntha. Kwa wokonza zolakwika za compiler ndi nzeru, chifukwa `next-error` imamufikitsa pa mzere wolakwikawo. Wofuna kulowamo alembe `(pop-to-buffer (compilation-start "make"))`, koma adziwe kuti zenera limenelo n'longowerenga. Script yofunsa mafunso imafuna `C-u M-x compile` (C ndi batani la Ctrl).

Nanga tmux? `tmux split-window 'make; exec bash'` imakulowetsani m'gawo latsopano, kaya mukulembera mu Vim, Emacs kapena nano. Mukaiwala `exec bash`, gawolo limatsekeka lamulo likangotha, musanawerenge ngakhale mzere umodzi.

Ine ndikakhala pa kompyuta yanga ndimakhutira ndi Vim, mzere umodzi mu `.vimrc`, fayilo ya makonzedwe a Vim, basi. Pa seva ya kutali ndimasankha tmux, chifukwa netiweki ikadula SSH, yomwe imandilumikiza ndi sevayo, ntchito imapitirirabe, ndipo `tmux attach` imandibwezera pomwe ndinasiyira.