Zimbale za U-Roy: chogula ndi chiti, chodikira ndi chiti

Mwezi wathawu anthu atatu andifunsa funso limodzi: "Achimwene, U-Roy mumangomutchulatchulayu, tiyambire chimbale chiti?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndilembe kamodzi, aliyense adziwerengere yekha. Ndinenetu poyambirira kuti ndili ndi mbali. Pali chimbale china chomwe ndinachisungira chakukhosi, ndipo simuchedwa kuchizindikira.

Poyamba tithane ndi mawu oti deejay, chifukwa amasokoneza anthu. Ku Jamaica deejay si munthu wosintha nyimbo ayi, ameneyo amati selector. Deejay ndi uja wogwira maikolofoni, wolankhula, kukuwa ndi kuselewula pamwamba pa nyimbo yomwe ikulira kale. U-Roy, deejay wotereyu, dzina lake lenileni Ewart Beckford, anabadwira ku Jones Town mumzinda wa Kingston mu 1942 ndipo anamwalira mu February 2021. Sanali woyamba kugwira maikolofoni m'dansi, Count Matchuki ndi King Stitt analipo kale. Chomwe iye anachita ndi kutenga luso la m'dansi n'kulisandutsa malekodi ogulitsa mpaka kuposa oyimba enieniwo. Ankalankhula pa zokuzira mawu za King Tubby, zotchedwa Home Town Hi-Fi, pomwe Tubby ankachotsa mawu a woyimba malo ena m'nyimbo n'kusiya mipata. John Holt wa gulu la The Paragons atamumva m'dansi anakamuuza Duke Reid, mwini situdiyo ya Treasure Isle. Mu 1970 nyimbo zitatu za U-Roy, "Wake the Town", "Rule the Nation" ndi "Wear You to the Ball", zinakhala pa nambala 1, 2 ndi 3 nthawi imodzi pa mndandanda wa nyimbo zotchuka ku Jamaica. Mbiri ithere pomwepa, tipite pa zomwe zinandiwawa.

"Wear You to the Ball" ndinaimva koyamba pa kaseti ya malume anga, ndili mwana. Kasetiyo inatafunidwa ndi wailesi kalekale, koma nyimboyo inatsalira m'mutu: mawu ofewa a The Paragons akuyenda pang'onopang'ono, kenako munthu wina n'kulumphira pakati ngati mlendo wosaitanidwa pa ukwati amene mapeto ake ndiye akusangalatsa anthu onse. Zaka zingapo zapitazo ndinapita kwa mnyamata wina woika nyimbo m'mafulashi kumsika. Anati U-Roy ali naye yense. Tinagwirizana mtengo, koma atamaliza kukopera anandiuza kuti nyimbo zachikale zili ndi mtengo wake wapadera chifukwa n'zovuta kupeza. Fulashi yanga inali kale m'kompyuta yake, ndikanatani? Ndinaonjezera, ndalama ya ndiwo ya mawa lake inathera pomwepo.

Kufika kunyumba, kutsegula. Mutu wa nyimbo ndi womwewo, mawu ndi a U-Roy ndithu, koma zoyimbira n'zina. Ng'oma zolemera, besi yamphamvu, kukoma kuja kwa pa kaseti ya malume kulibe. Ndinayamba kudzikayikira kuti mwina ubwana unandinamiza. Panapita masabata ndisanadziwe kuti U-Roy anaijambulanso nyimboyi mu 1977 pa chimbale cha Rasta Ambassador, ndipo yomwe ndinagula inali imeneyo. Si zokhazo. M'foda yomweyo munali nyimbo zinayi za I-Roy, munthu winawina, dzina lake lenileni Roy Reid, katswiri naye koma si amene ndinalipirira. Nditabwerera kukadandaula, mnyamata uja sanadzutse n'komwe mutu pa kompyuta. Anangoti, "Roy ndi Roy basi, akulu."

Ndiye chinthu choyamba chomwe ndimayang'ana pa chimbale cha U-Roy si chikuto kapena mitu ya nyimbo. Ndimayang'ana amene anajambula. Munthuyu ankabwereza nyimbo zake. "Wear You to the Ball" yokha ilipo ya 1970 ya Duke Reid, ya 1977 ya Prince Tony Robinson, ndi ya 2021 yomwe muli Richie Spice. Mutu umodzi, nyimbo zitatu zosiyana. Mukasaka pa YouTube kapena pa Spotify zonse zimabwera zitasakanikirana, ndipo bandulo imatha musanapeze yomwe mukufuna. Mukaona dzina la Treasure Isle kapena Duke Reid, dziwani kuti mwafika pa chitsime.

Chimbale cha pa chitsimepo ndi Version Galore, chomwe kampani ya malekodi ya Trojan inachitulutsa ku Britain mu 1971. Duke Reid, wapolisi wakale amene ankakonda kuyenda ndi mfuti ngakhale mu situdiyo, anali ndi nkhokwe ya nyimbo za rocksteady (mtundu wa nyimbo zoyenda pang'onopang'ono womwe unabala reggae) za pakati pa 1966 ndi 1968, zoyimbidwa ndi gulu la Tommy McCook and the Supersonics. Pofika 1970 nyimbozi zinkaoneka zachikale. Reid anazifukula, n'kumupatsa U-Roy kuti alankhulepo. N'chifukwa chake pa chimbalechi mumamva The Paragons pa "On the Beach", "The Same Song" ndi "Tide Is High" (inde, yomwe gulu la ku America la Blondie linadzaiyimbanso mu 1980), The Melodians pa nyimbo ya mutu wa chimbale, The Silvertones pa "True Confession", ndi Phyllis Dillon pa "Don't Stay Away".

Chomwe chimandikoka apa ndi momwe U-Roy amachezera ndi woyimbayo. Samupondereza. Woyimba akanena mzere wake, iye amayankha, kumuvomereza, kumuseka pang'ono, kukuwa kamodzi, kenako n'kukhala chete kuti nyimbo ipume. Amadziwa polowera ndi potulukira. Achinyamata ambiri ogwira maikolofoni masiku ano amadzaza mpata uliwonse ndi mawu ngati minibasi ya m'mawa, ndipo ndikanakonda atamvera "On the Beach" katatu asanalowe mu situdiyo. Mawu ake pa chimbalechi alibe uthenga wozama. Ndi zoitanira anthu kuvina, zodzitama, tinthabwala. Amene akufuna ulaliki wa Chirasta sakaupeza pano.

Koma Version Galore ili ndi msampha wake, ndipo ndikanakhala wachinyengo ndikanaubisa. Chimbale choyambirira chili ndi nyimbo 12 zokha, iliyonse yosafika kapena yongodutsa pang'ono mphindi ziwiri ndi theka, moti chimatha nsima isanapse bwino. Choipa kwambiri n'choti mwa nyimbo zitatu zija zinagwedeza Jamaica, muli imodzi yokha, "Wear You to the Ball". "Wake the Town", yomwe inamangidwa pa "Girl I've Got a Date" ya Alton Ellis, mulibe. "Rule the Nation", ya pa nyimbo ya The Techniques, mulibenso. Zimapezeka pa zimbale za dzina lomweli zomwe zinadzatulutsidwa pambuyo pake zitaonjezeredwa nyimbo. Ndiye musanalipire, werengani mndandanda. Mukaona nyimbo 12, funsani ngati pali chachitali.

Wopikisana naye weniweni ndi Dread in a Babylon cha 1975, chojambulidwa ndi Prince Tony Robinson, chomwe kampani ya Virgin inachifalitsa kunja kwa Jamaica. Ambiri amachidziwa ndi chikuto: U-Roy wabisika mu utsi wa chamba, nkhope siikuoneka n'komwe. Apa dziko linali litasintha. Reggae inali italemera, Chirasta chitalowa m'nyimbo zambiri, ndipo adeejay atsopano monga Big Youth anali atatenga malo. U-Roy anabwerera ndi mawu okhwima, osathamanga, olankhula za Jah, za Africa ndi za Masalimo. "Runaway Girl", yomangidwa pa "Just Another Girl" ya Ken Boothe, ndi nyimbo yotsegulira yomwe sindinaidumphepo. "Chalice in the Palace" ndi nthabwala yolimba mtima, munthu wa ku Jones Town akulota akusuta ndi mfumukazi ya ku Britain m'nyumba yake yachifumu. "The Great Psalms" mukhoza kuiika ngakhale pali agogo opemphera, bola chikuto muchitembenuze.

Ndivomereze apa, ngakhale zikundipweteka: ngati chimbale chomvera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, Dread in a Babylon chimaposa Version Galore. Chinapangidwa kuti chikhale chimbale, nyimbo zake zimatsatana mwadongosolo, ndipo kamvekedwe kake n'koyera. Pa sipika yabwino besi yake imagwedeza mawindo, pomwe Version Galore imamveka yopyapyala pang'ono chifukwa zoyimbira zake zinajambulidwa zaka pafupifupi khumi m'mbuyo. Munthu amene anakulira pa Culture, Burning Spear kapena Black Missionaries sangavutike nacho, khutu lake linazolowera kale kulemera kotereku.

Natty Rebel cha 1976 ndi mng'ono wake wa bere limodzi, wojambula yemweyo, kampani yomweyo. Nyimbo ya mutu wa chimbale, yomangidwa pa "Soul Rebel" ya Bob Marley, mwina ndiyo nyimbo yokoma kwambiri yomwe U-Roy anajambula ndi Prince Tony. "Have Mercy" ndi "Babylon Burning" nazo zili bwino. Koma chapakati pake chimatsika mphamvu, ndipo "Natty Kung Fu" ndi ya nthawi yake, pomwe Kingston yonse inkapenga ndi mafilimu a karate. Chigulidwe chachitatu.

Tafika pa Rasta Ambassador. Ndayesetsa kuchiweruza mwachilungamo, ndakanika. Anzanga odziwa reggae amati ndi chimbale chabwino, kuti "Control Tower" ndi "Evil Doers" ndi nyimbo zolimba, kuti "Small Axe" yake ndi yosanyozeka. Sindikutsutsa. Koma chimbale chomwe chatenga "Wear You to the Ball" ndi "Tide Is High" n'kuzijambulanso ndi zoyimbira zatsopano chimandichititsa kufunsa kuti chinalakwika n'chiyani ndi zoyambazo. Yankho ndikulidziwa: nyimbo zoyambazo zinali za Treasure Isle, ndipo ogula atsopano a ku Britain ambiri sanazimvepo, ndiye panali nzeru yamalonda. Kwa iwo zinali zatsopano. Kwa munthu amene anamva ya 1970 kaye, zili ngati thobwa la m'botolo la m'sitolo utazolowera la kumudzi. Limamweka, koma mtima sukhuta. U-Roy wa 1970 amamveka ngati akudabwa yekha ndi zomwe zikutuluka m'kamwa mwake. Wa 1977 akudziwa kale mzere uliwonse, akungoubwereza mwaukatswiri. Kudabwa kuja ndi komwe ndinalipirira kumsika kuja, ndipo sindinakupeze. Ngati mwachipeza chotchipa tengani, koma chisakhale choyamba, chingakuonongereni khutu monga chinatsala pang'ono kuchitira langa.

Jah Son of Africa cha 1978 ndi cha amene wamaliza zinazo ndipo akufunabe. Chaka chomwecho U-Roy anayambitsa zokuzira mawu zake, Stur Gav, momwe munadutsa Ranking Joe, Josey Wales ndi Charlie Chaplin, ndipo kwa zaka zambiri mphamvu zake zinapita kumeneko kuposa mu situdiyo.

Zojambula ndi Mad Professor ku London, monga True Born African cha 1991 ndi Talking Roots cha 2018, ndi za okonda dub, reggae yochepetsedwa mawu a woyimba n'kukuza besi ndi ng'oma. Mawu a mkuluyu sanathe mphamvu, koma nthawi zina ndimamva ngati ndikumvera Mad Professor ndi mlendo wake.

Solid Gold U-Roy chinatuluka mu 2021 mwiniwake atamwalira kale. Muli alendo ambiri: Ziggy Marley, Shaggy, Santigold, Tarrus Riley, komanso Big Youth ndi Mick Jones wa The Clash pa nyimbo yaitali ya kumapeto. Mwina mukuganiza kuti nachonso ndichinyoza poti ndi nyimbo zakale zobwerezedwa. Ayi, ichi ndimachikhululukira. Munthu wa zaka zoposa 70 akamabwereza nyimbo za unyamata wake ndi ana omwe anakulira pa mawu ake, sakukunamizani kuti ndi zatsopano, akutsanzika. Ndikudziwa kuti muyeso wanga sukufanana apa. Ndinanena kale kuti ndili ndi mbali. Chokhacho, musachipatse munthu amene sanamvepo U-Roy, chifukwa adzatuluka akukumbukira Shaggy.

Za mtengo ndilibe zambiri: pa intaneti zonse zimadya bandulo mofanana, ndipo malekodi enieni akale ndi a anthu a matumba akuya.

Ndiye kwa atatu munandifunsa aja. Inu amene mumavina dancehall ndipo mukufuna kudziwa komwe zinachokera, tengani Version Galore, chachitalicho, chomwe muli "Wake the Town". Inu achimwene a madiredi amene galimoto yanu simuchoka Joseph Hill wa gulu la Culture, yambirani Dread in a Babylon, mudzandithokoza. Wachitatu munati mukufuna chimodzi chokha basi, ndipo ndisankhe ine. Mutu ukuti Dread in a Babylon. Koma ndikupatsani Version Galore, chifukwa ndi chomwe chinali pa kaseti ya malume, ndipo tsiku lomwe ndinapeza "Wear You to the Ball" yeniyeni ndinawayimbira foni n'kuika sipika pafupi. Sanalankhule mpaka nyimbo inatha, kenako anati ndiibwereze.

Foda ya kumsika ija ikadali m'fulashi. Nyimbo zinayi za I-Roy ndinazisamutsira m'foda yakeyake, ndipo ndimazimvera kawirikawiri kuposa Rasta Ambassador.