Maloboti atsopano a pamphambano yathu, nditawaona kwa miyezi itatu

Pali mphambano ina imene ndimadutsa kawiri tsiku lililonse, popita kuntchito ndi pobwerera. Misewu ikuluikulu iwiri imapingasana pamenepo, ndipo kwa zaka zinayi yandidyera nthawi yosawerengeka. Miyezi itatu yapitayo anachotsapo maloboti akale n'kuikapo atsopano, aja amene amazindikira okha kuti mbali iyi kwadzaza magalimoto, mbali inayo kulibe. Ndawaona padzuwa, pamvula, usiku, ngakhalenso tsiku limodzi magetsi atazima. Maganizo anga ndi akuti ntchitoyi ndi yabwino ndipo yatithandiza ife a magalimoto, koma oyenda pansi ndi a njinga anawaganizira pomaliza.

Akale aja anali a nthawi yoikika. Mbali iliyonse inkapatsidwa masekondi omwewo, kaya ndi 7 koloko m'mawa kaya ndi pakati pa usiku. Lobiriwira likayaka ankadutsa magalimoto 11 kapena 12, basi lofiira layaka. Ine ndinkapeza mchira wa mzere pafupi ndi mtengo wina wopindika wa m'mbali mwa msewu, ndipo kuchokera pamtengopo ndinkadikira kuti lobiriwira liyake kanayi ndisanawoloke. Chimene chinkandiwawa kwambiri chinali kuona msewu winawo uli pululu, getsi lawo lili biriwiri, ife tili chiimire, injini zikungomwa mafuta.

Tsiku limene ankaika atsopanowa ndinaona anyamata akucheka phula ndi makina, akujambula timabwalo ta makona anayi kumbuyo pang'ono kwa mzere woyera uja timaimapo. Ndinatsitsa galasi n'kufunsa mmodzi kuti, "Achimwene, mukukwirira chiyani mmenemo?" Iye anati, "Ndi waya, bambo. Galimoto ikaima pamwamba pake, bokosi ilo limadziwa." Ndi mmenedi zimagwirira ntchito. Wayayo amamuzunguliza kangapo mu mng'alu uja n'kumata ndi phula lakuda. M'wayamo mumadutsa timagetsi tochepa, ndipo chitsulo cha galimoto chikafika pamwamba chimasokoneza mphamvu ya maginito ya wayayo. Kompyuta ya m'bokosi la m'mbali mwa msewu imamva kusinthako. Magalimoto akamatsatana osadukiza, imawonjezera nthawi ya lobiriwira mpaka malire amene anaiikira. Pakangokhala mpata wautali, imadziwa kuti mzere watha n'kupereka msewu kwa enawo.

Zotsatira zake ndinaziona sabata yoyamba yomweyo. Kuchokera pamtengo wopindika uja tsopano ndimadikira lobiriwira kawiri, nthawi zina kamodzi. Usiku ndiye chimwemwe chenicheni: ukafika wekha, sipadutsa masekondi ambiri lisanakuyakire. Anaikanso kamuvi kobiriwira ka anthu okhota modula magalimoto ochokera kutsogolo. Kale munthu mmodzi wofuna kukhota ankatsekereza mzere wonse, a kumbuyo akuliza mahutala, iye akusuzumira mpata mtima uli m'mwamba. Pamenepo ndi pamene pankachitika ngozi zambiri zimene ndinaonapo, ndipo chiikireni kamuviko sindinaonenso magalasi osweka pakati pa mphambanoyo.

Koma chimene chandikankha kuti ndilembe ndi sewero lina la pa TV la nkhani zopeka za sayansi limene tamaliza kuonera ndi mwana wanga wamwamuna. Ine nkhani zoterezi ndinazikonda kuyambira ndili mnyamata, ndipo ili ndinaliyembekezera ndi mtima wonse chifukwa linalonjeza mzinda wa m'tsogolo umene chilichonse, kuphatikizapo misewu, chimayendetsedwa ndi ubongo umodzi wa kompyuta. Gawo loyamba linayamba bwino. Anationetsa chipinda chachikulu chokhala ndi mapu owala, mayi wina injiniya akuyang'ana timadontho tikuyenda. Ndinakhala tsonga pampando, ndikuti lero ndiona mmene anthu amene amaganiza za mawa akuganizira za mavuto amene ndimakumana nawo m'mawa uliwonse. Pofika gawo lachitatu, kompyutayo inali itagalukira anthu, ndipo kuyambira pamenepo zinali mfuti, kuthamangitsana ndi nyumba zophulika mpaka gawo lakhumi. Mayi injiniya uja anasanduka munthu wongothawa.

Chimene chinandikhumudwitsa kwenikweni anachitchula ndi mwanayo. Pa gawo lina, munthu wamkulu wa m'seweroli akuthamangitsa galimoto pakati pa mzinda umene akuti muli anthu mamiliyoni, mwanayo anafunsa kuti, "Adadi, nanga anthu ena onse ali kuti?" Msewu unali mbee. Munalibe basi yoima kutsitsa anthu, lole yobwerera m'mbuyo, mwana wa sukulu wowoloka, kapena wina amene galimoto yamuzimira. Olemba sewerolo anangochotsa anthu mumsewu, vuto la kuthithikana kwa magalimoto n'kutha lokha. Ine ndimaona kuti kumeneko ndi kunyozera oonera, chifukwa nkhani yeniyeni ya mumsewu ili ndi zodabwitsa zoposa kuphulika kulikonse.

Taonani izi. Mu 2008 gulu la ofufuza a ku Japan lotsogoleredwa ndi Yuki Sugiyama linafalitsa zimene linapeza litaika magalimoto 22 pa msewu wozungulira wa mamita 230. Madalaivala anauzidwa kuti ayende pa liwiro limodzi la makilomita pafupifupi 30 pa ola. Panalibe mphambano, loboti kapena ngozi. Poyamba ankayenda bwinobwino, koma posakhalitsa mmodzi anayandikira mnzake mopitirira n'kuponda buleki pang'ono, wa kumbuyo n'kuponda kwambiriko, winayo kwambiri, mpaka ena anaimiratu. Ndipo malo oimawo ankasunthira chakumbuyo ngati funde, pa liwiro la makilomita pafupifupi 20 pa ola. Patapita zaka, ofufuza ena ku Arizona anabwereza zimenezi ataikamo galimoto imodzi yokha yoyendetsedwa ndi kompyuta, yosunga liwiro mosatekeseka, ndipo funde lija linazilala. Galimoto imodzi kukhazika mtima pansi mzere wonse! Nditawerenga zimenezi ndinadzifunsa kuti bwanji wina sanalembe gawo limodzi lokha pa nkhani imeneyi. Ndikanalionera kawiri.

Chichewa chathu chili ndi liwu limodzi, loboti, la chimunthu chachitsulo cha m'mafilimu komanso la nyali zitatu za pamphambano, ndipo ine loboti amene ndimamulemekeza ndi wa pamphambanoyu. Mbiri yake ndi yaitali. Woyamba anaimikidwa ku London mu Disembala 1868 pafupi ndi nyumba ya malamulo, wopangidwa ndi John Peake Knight, katswiri wa za njanji. Anali ndi mikono yokwera ndi kutsika, usiku n'kumayaka ndi gasi, ndipo ankamuyendetsa ndi wapolisi. Sanathe mwezi, anaphulika n'kuvulaza wapolisiyo. Wa magetsi anayamba kugwira ntchito ku Cleveland ku America mu 1914. Njira zoti maloboti a mzinda wonse azimvana, monga SCATS ya ku Sydney ndi SCOOT ya ku Britain, zinayamba kukonzedwa m'zaka za m'ma 1970.

Apa ndi pamene pali dandaulo langa loyamba. Maloboti athu atsopanowa ali okha. Mphambano yotsatira, imene ili pafupi kwambiri, idakali ndi akale a nthawi yoikika. Ndiye madzulo atsopanowa amatulutsa magalimoto ambiri mwachangu, n'kukawaunjika pa lofiira la kutsogoloko, mzere n'kubwerera mpaka kutseka mphambano yathu yomwe. Zikatero lobiriwira limayaka koma kopita kulibe. Madalaivala nawonso tili ndi mlandu, chifukwa timalowa pakati pa mphambano tikuona kuti kutsidyako kulibe malo, ndipo getsi likasintha timakhala tatsekereza anzathu. Masanjidwe onse a maloboti amadalira kuti lobiriwira likayaka, galimoto iliyonse iwoloke patangopita masekondi awiri kuchokera pa inzake, zimene zimapereka magalimoto pafupifupi 1,800 pa ola pa kanjira kamodzi. Munthu mmodzi woweramira pafoni amabera a kumbuyo magalimoto awiri kapena atatu. Pa maloboti atsopanowa n'zoipirapo, chifukwa mpata umene iye wasiya umanamiza kompyuta kuti mzere watha, ndipo lofiira limayaka tikadalipo ambirimbiri.

Dandaulo lachiwiri ndi la njinga. Usiku wina ndinaima kumbuyo kwa mnyamata wa njinga yamoto, patali pang'ono, ndipo tinadikira mpaka kutopa. Chitsulo cha njinga yake chinali chochepa, ndiponso anaima pakati penipeni pa bwalo la waya uja, pamene samva bwino. Ndinamukodola n'kumuuza kuti, "Aise, sunthira pamzere wakudawo, matayala akhale pamwamba pake." Atatero, lobiriwira linayaka. Nzeru imeneyi ndi yothandiza, koma si aliyense angaidziwe, ndipo wa njinga yakapalasa ndiye amavutika koposa. Kompyutayo ingathe kuchunidwa kuti izimva zitsulo zing'onozing'ono, kapena angopentapo chizindikiro chosonyeza poimika njinga.

Tsiku limene magetsi anazima, maloboti anangoti zii, opanda mabatire osungira mphamvu. Anatipulumutsa ndi wapolisi wa pamsewu, mayi wina amene anaima pakati ndi manja ake awiri kwa ola lathunthu padzuwa. Ulemu wanga upite kwa iye.

Dandaulo limene likundisowetsa mtendere ndi la oyenda pansi. Anaika batani loti munthu adine akafuna kuwoloka, ndipo limagwira ntchito. Vuto ndi nthawi. Ku Britain, mwachitsanzo, akhala akuwerengera kuti munthu amayenda mamita 1.2 pa sekondi, ndipo poona mmene kamunthu kobiriwira kathu kamazimira msanga, ndikuganiza kuti anatengera muyezo wofanana ndi umenewo. Wachinyamata amakwanitsa. Koma Lachinayi lapitali ndinali woyamba pamzere, ndipo agogo ena aakazi, ndodo kudzanja lamanja, kachikwama kumanzere, anayamba kuwoloka kamunthu katangoyaka. Sanazengereze ngakhale pang'ono. Ali pakanjira kachitatu mwa tinayi, lobiriwira lathu linayaka. Wa kumbuyo kwanga analiza hutala. Agogowo anaima, n'kutembenuka kuyang'ana kumene achokera, n'kuyang'ananso kutsogolo, ndodo ikunjenjemera, osadziwa kuti abwerere kapena apitirire. Ndinayatsa mahazadi, ndinatulutsa dzanja pawindo kuimitsa wa pambali panga, n'kufuula kuti, "Pitani agogo, musaope, tikudikirani!" Anafika kutsidya ali wefuwefu, n'kugwira chitsulo cha loboti kuti apume.

Ndawerengera masitepe awo m'mutu mwanga kangapo, ndipo ankangofunika masekondi ena asanu kapena asanu ndi limodzi. Maloboti a anthu oyenda pansi okhala ndi kachipangizo koona ngati munthu adakali pamsewu, n'kuchedwetsa lobiriwira la magalimoto, alipo kale ndipo ku Britain akhala akugwira ntchito kuyambira m'ma 1990. Ngati amenewo sangatheke pano, kachilumba kopumirapo pakati pa msewu kangathandize, ndipo kuwonjezera masekondiwo ndi nkhani yongosintha manambala m'bokosi lija. Ndalembera kalata ofesi yoyang'anira malobotiwa, ndatchulamo tsiku, nthawi ndi mbali imene agogowo ankawolokera, ndipo ndanenamo kuti ine monga dalaivala ndikuvomera kudikira masekondi amenewo tsiku lililonse.